Masiku Zana Opanda Utoto

Kuno ku Lautoka, tauni yathu ya m'mbali mwa nyanja, mukafunsa za Urmila Naicker, anthu sayamba ndi nkhope yake kapena msinkhu wake, amayamba ndi pakamwa. Mayi ameneyu akakuyezani m'chiuno amatchula nambala mokweza kuti ndi odutsa pamsewu omwe amve. Mukati, "Iyayi, chaka chatha sizinali choncho," iye amangoti, "Tepi sidya roti, wadya ndiwe," kunena chapati chathu cha kuno. Anthu amachoka akung'ung'udza, koma mawa lake omwewo abweranso, chifukwa shati yodula Urmila sithina m'khwapa ndipo sikwera kumsana mukawerama.

Anakulira kuminda ya nzimbe, mwana wachisanu ndi chiwiri m'banja la amwenye amene makolo awo anabwera kalekale kudzadula nzimbe zomwezo. Sukulu anailekera panjira n'kukalowa fakitale yosoka mathalauza otumiza kunja. Anayamba ndi kusesa zidutswa, kenako kusita, mpaka anamupatsa sizasi yaikulu ya patebulo lodulira. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Torika, mtsikana wamtali wa kuzilumba za Yasawa, wosoka matumba a mathalauza, amene dzuwa linkalowa asanalankhule mawu okwana khumi. Nthawi ya nkhomaliro Torika ankakhala yekha pakhonde, akujambula nkhanu ndi masamba pa makatoni otayidwa. Tsiku lina Urmila anangofika n'kusuzumira m'mbale mwake.

"Chinangwa ndi nsomba tsiku lililonse? Bweretsa kuno. Iwe idya roti wa maunguyu, mwina pakamwapo pangatseguke."

Anasinthana mbale tsiku limenelo, ndipo anapitiriza kusinthana kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Lolemba lina anapeza loko pageti. Eni fakitale anali atapakira makina awo kupita kumayiko kumene manja ndi otchipa. Azimayi mazana atatu anaima padzuwa, ena akulira, ena akutukwana. Urmila anatukwana nawo mpaka mawu anasasa, kenako anakoka Torika pamkono.

"Ine ndimadziwa kudula. Iwe umadziwa kujambula tinkhanu tako tija. Tikudikira chiyani pano, kuti lokoyu atimvere chisoni?"

Nyumba ya Urmila ku Waiyavi, dera la m'tauni momuno, inamangidwa pa nsanamira zazitali, ndiye pansi pake panali malo. Isikeli, mwamuna wa Torika, woyendetsa takisi, anawakhomera tebulo lalitali la zitseko ziwiri zakale, ndipo ndi iye amene ankawanyamulira mipukutu ya nsalu kuchokera kutauni, uku akuwaseka kuti mabwana ake atsopano salipira. Dzina la malonda awo sanavutike nalo. Anangolumikiza mayina awo kukhala Torimila, n'kumalisokera pa kansalu kakang'ono kuseri kwa kolala iliyonse.

Nsalu ankagula yopanda maluwa. Torika ankatola mapepala akuda aja ojambulirapo mafupa kuchipatala, akale otha ntchito, n'kuwaboola ndi kampeni kuti akhale chikombole cha tsamba, nkhanu kapena mbalame. Akayala nsalu patebulo ankaika chikombolecho pamwamba, n'kumagunditsa siponji ya utoto pang'onopang'ono, kusuntha, kugunditsanso, mpaka mpukutu wonse utatha. Akayanika ndi kusita kuti utoto ugwire, nsalu inkapita kwa Urmila. Lamulo lawo linali limodzi lokha: kudinda pompano, kudula pompano, kusoka pompano. Pofika zaka khumi ndi chimodzi anali ndi azimayi asanu ndi mmodzi osoka, onse anzawo a kufakitale kuja, ndi kasitolo kutauni.

Koma chimene chinawatchukitsa ndi kalavata. Kuno pa ukwati, pa ubatizo, pa msonkhano wa mpingo, banja lonse limavala nsalu imodzi, amuna mashati, akazi madiresi ataliatali, ndipo imeneyo ndiyo timati kalavata. Ukagula nsalu ya m'sitolo umakapeza banja lina lavala yomweyo patchalitchi, manyazi ake osasimbika. Torika ankaboola chikombole chatsopano pa mwambo uliwonse, mwambo ukatha n'kuchitentha. Urmila ankadandaula kuti kumeneko n'kuwononga, koma Torika ankangoti, "Nsalu ya ukwati wa uje isakapezeke pamaliro a uje."

Tsoka silinunkha. Isikeli anagwa m'mawa wina akutsuka takisi pansi pa mtengo wa uto wa pakhomo pawo, mtengo wa zipatso zikuluzikulu zija timaotcha ngati mbatata, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatsirizika. Urmila analira ngati wamwalira ndi mlongo wake wa bere limodzi. Anatseka ntchito mlungu wathunthu, anaphikira olira mapoto ndi mapoto, ndipo zakuda za Torika anasoka yekha, osalola wina aliyense kuzigwira.

Apa ndi pamene Urmila analakwa, ndipo ine sindimubisira. Kwawo maliro amatha pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Wansembe amabwera, anthu amadya, mawa lake aliyense kuntchito kwake. Ankadziwa bwino kuti a mtundu wa Torika amawerenga masiku zana, poti anakulira pakati pawo, koma iye ankaona ngati zana limenelo ndi la zovala zakuda basi, ntchito munthu akugwira. Safunsa anadya phula. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri anakwera basi, m'chikwama muli kansalu kofiira psuu ka ukwati wina wa ku tauni ya Ba, ulendo wa kwa Vasemaca, mlongo wa malemu Isikeli, kumene namfedwa ankakhala.

Anapeza azimayi khumi ndi angapo ali pamikeka, onse m'zakuda. Anapereka moni, anakhala, anafunsa mmene adzukira. Kenako anatulutsa kansalu kaja n'kukayala pamwendo pa Torika.

"Anthu a ku Ba akufuna mbalame pa imeneyi. Lachinayi ungabwere? Pano ukungouma, mnzanga."

Vasemaca anatola kansaluko ndi zala ziwiri ngati akutola khoswe wakufa, n'kukakaika panja pa khomo.

"Mayi, dothi la pamanda a mlongo wanga silinaume, inu mwabwera ndi ukwati m'chikwama?"

"Asiyeni, alamu, sakudziwa," anatero Torika ndi mawu otsika. Kenako anatembenukira kwa Urmila. "Amuna asiya kumeta ndevu mpaka tsiku la zana. Alamu asiya nsomba. Aliyense wasiya chimene amachikonda. Ine ndasiya utoto. Sindiukhudza."

"Chabwino. Masiku zana si zaka. Tidikira."

"Usadikire. Tsiku lovula zakuda achimwene anga akubwera kudzanditenga. Mwamuna akamwalira mkazi amabwerera kwawo, ukudziwa iwe. Ana anga onse ali kunja. Kuno ndatsala ndi chiyani?"

Urmila anafuna kunena kuti watsala ndi ine, koma anachita manyazi ndi maso a Vasemaca. Anatuluka, anatola kansalu kake, n'kuyenda wapansi mpaka ku Waiyavi, mabasi akumudutsa osawaona. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali malonda ayi. Zaka makumi atatu anali asanadyepo nkhomaliro ya pantchito popanda Torika, ndipo tsopano mnzakeyo ankapita kuchilumba kumene boti imafikako kawiri pa mlungu.

Nsalu zodinda zimene zinali pashelefu zinatha m'milungu itatu. A ku Ba anawabweza. Makina anayamba kukhala chete masanasana. Nkhani yotere sichedwa kumveka, ndiye kunabwera bambo wina wa sitolo yaikulu ya nsalu, wa mafuta ambiri m'tsitsi, atanyamula mpukutu pakhwapa. Ataufunyulula patebulo, Urmila anaona nkhanu za Torika zenizeni, zodindidwa ndi makina kutsidya kwa nyanja, mizere yake yowongoka ngati njanji.

"Ndinatumiza shati yanu imodzi kuti akaonere," bamboyo anatero akumwetulira. "Inu muzingodula ndi kusoka, kadzina kanu kaja n'kuikapo. Ndani angadziwe?"

"Ine ndidziwa. Nkhanu za Torika zimasiyana miyendo chifukwa dzanja limatopa. Izi zonse zafola ngati asilikali. Pindani chinthu chanuchi musanaone chimene sizasi yanga imachita ndi mataye."

Bamboyo anapinda mofulumira ndithu. Koma mlungu womwewo azimayi awiri osoka anatsanzika, anapeza ntchito yochapa kumahotela a ku Nadi, ndipo Urmila sanawadandaule, poti ali ndi ana odyetsa. Amene anamulankhula ndi Akanisi, wamkulu pa osoka onse. Iwo onse ankamuitana Didi, ndiye kuti achemwali.

"Didi, mwamuthamangitsa bwino uja, ife tasangalala. Koma nkhani yanu ndi a Vasemaca simunaikonze. Munalowa ndi chofiira pamaliro. Zimenezo sapepesa pafoni."

"Ndiye nditani? Ndikagubuduzike pabwalo?"

"Gulani mizu ya yaqona ija amapangira chakumwa cha pamiyambo, mtolo wooneka. Bambo a kunyumba kwanga akakulankhulirani. Inu mukangokhala chete."

"Chete?"

"Ndikudziwa, Didi. Pemphererani mphamvu."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka m'mawa Urmila anagula mtolo wa mizu ija kumsika, chifukwa kuno wolakwa salowa m'nyumba ya wolakwiridwa chimanjamanja. Peceli, mwamuna wa Akanisi, anauika pamkeka patsogolo pa amuna andevu a banja la Isikeli, anaomba m'manja, n'kuyamba kulankhula motalikitsa. Anati mayiyu ndi wa pakamwa pothamanga koma mtima wake ndi woyera, anati analakwa ngati mwana wosaphunzitsidwa, anatinso ndi zina zimene Urmila tsiku lina lililonse akanamuyankha nazo mpaka kumuthawitsa. Iye anangoweramitsa mutu, mawondo akuwawa, mano ataluma. Mkulu wa banjalo anagwira mtolowo, anaomba m'manja, nkhani inatha. Torika munalibemo, anali kuchipinda chamkati.

Akumwa tiyi pambuyo pake, Urmila anamva Vasemaca akuuza mnzake kuti kalavata ya tsiku lovula zakuda akagula kwa bambo wa mafuta m'tsitsi uja, poti kwa Torimila kulibe wodinda. Pamenepo mphamvu zimene anapempherera zija zinatha.

"Pepani, a Vasemaca, ndalankhula. Isikeli anakhoma tebulo lathu ndi manja ake. Mukufuna mkazi wake avule zakuda n'kuvala nsalu ya m'sitolo? Kalavata imeneyo isokedwa ku Waiyavi."

"Tilipo anthu zana ndi makumi awiri, mayi. Adinde ndani?"

"Zimenezo ndisiyireni."

Vasemaca anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza nsidze, kumene kuno ndi kuvomera.

Tsopano mawu oti zimenezo ndisiyireni ndi osavuta kunena. Urmila anali ataonerera Torika akudinda kwa zaka khumi ndi chimodzi, ali ndi ndemanga zambirimbiri, koma siponji anali asanaigwirepo. Kujambula, ngakhale dzira lenilenilo linkamukanika. Zikombole zakale za miyambo zonse zinali phulusa, ndipo za kusitolo sakanazigwiritsa ntchito, chifukwa theka la tauni linali litavala kale nkhanu zimenezo. Kunali kofunika chatsopano, cha Isikeli yekha. Anaganiza masiku awiri, kenako anakwera basi kupita kunyumba yotseka ya Torika, n'kukathyola tsamba pa mtengo wa uto uja.

Tsamba la uto ndi lalikulu ngati mbale, lili ndi zala zambiri zokongola. Kulichepetsa kuti likwane papepala ndiye inali nkhondo. Anawononga mapepala khumi ndi awiri, anadzicheka chala kawiri. Zala za tsambalo zinkaduka chimodzichimodzi pansi pa kampeni, mpaka zinatsala zitatu ndi kaphesi kumbuyo. Anaitana Akanisi kuti aone.

"Ndi chiyani ichi?" Urmila anafunsa.

Akanisi anachitembenuza uku ndi uku. "Inu mukuti n'chiyani, Didi?"

"Tsamba."

"Eya, ndi tsamba."

Utoto nawo unamuchita chipongwe. Ankafuna wobiriwira pa nsalu yachikasu. Anathira uwu, anathira uwo, anawonjezera kofiira pang'ono kuti ukhwime, ndipo m'ndowa monse munasanduka mtundu wa matope a m'dambo. Nthawi yosakanizanso panalibe, utoto wodzaza ndowa ina panalibenso. Anadinda choncho. Milungu itatu yathunthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi anawerama patebulo lija akugunditsa siponji, msana ukuyaka moto, zala zitatupa. Mizere inkayamba bwino kumanzere, pofika kumanja itatsetsereka. Penapake chikombole chinkaterereka, tsamba n'kukhala ndi mthunzi. Musaganize kuti ankachita dala kapena ankasewera. Anaikapo nzeru zake zonse ndi mphamvu zake zonse, ndipo zimene zinatulukazo ndiye mapeto a luso lake.

Kudula ndi kusoka ndiye kunali kwawo. Azimayi anayi otsala aja anapondaponda makina mpaka mashati ndi madiresi zana ndi makumi awiri anakwana. Diresi la Torika Urmila analidula popanda kuyeza, anangochotsako zala ziwiri m'chiuno poti mnzakeyo anali ataonda. Pomaliza Akanisi anafunsa ngati kansalu ka dzina aikepo.

"Ikanipo. Yadindidwa pompano, yadulidwa pompano, yasokedwa pompano. Ndi Torimila imeneyo."

Tsiku la zana linafika Loweruka. Kwa Vasemaca anamanga chisakasa chachikulu cha malata, nkhumba ndi chinangwa zikupsa m'dzenje la miyala yamoto, amuna atameta ndevu zawo m'mawa womwewo moti ena sankazindikirika. Ndipo paliponse pamene diso lingagwere panali nsalu yachikasu ya zala zitatu zamatope, zikutsetsereka pamimba za madoda ndi pamisana ya azimayi. Palibe amene ananenapo kanthu. Anthu a kuno pamwambo ndi aulemu kwambiri, angakupheni ndi chete.

Azimayi analowa ndi Torika m'nyumba, anamuvula zakuda zija, anamudzoza mafuta a kokonati, n'kumuveka diresi latsopano. Atatuluka anthu anaomba m'manja. Diresilo linamukhala bwino zedi, zimenezo palibe akanatsutsa. Koma Urmila, ali kumapeto kwa mkeka wa azimayi, anaona mnzake akukweza mkono, akuyang'ana nsalu, kenako mkono winawo, kenako msana wa mayi amene anali patsogolo pake. Nsidze za Torika zinakumana pakati.

Tsidya lina la chisakasa kunakhala a kuchilumba, atabwera ndi mikeka ndi nsomba zouma. Mtsogoleri wawo anali Josateki, mchimwene wamkulu wa Torika, bambo wa mawu a bingu ndi mtima wabwino. Anathokoza banja la Isikeli posunga mlongo wawo zaka zonsezi, anapempha kuti amutenge, anati boti inyamuka Lolemba nthawi ya naini m'mawa. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anafuna kuwonjezera ndiwo.

"Ndipo taona ndi maso athu ntchito ya manja a mlongo wathu. Ndasuzumira pakolala ya mlamu wanga apa, dzina lake lilipo. Ife kwathu tinkangomva kuti amajambula nkhanu ndi mbalame. Sitinkadziwa kuti ndi mapazi a bakha omwe amawatha chonchi. Akongola kwambiri."

Wina anatsokomola. Mayi wina anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Torika anakhala chiongokere mpaka zolankhula zonse zinatha. Anthu atayamba kudya anadzuka, anadutsa mikeka yonse, n'kukakhala pafupi ndi Urmila.

"Wadinda ndani?"

"Ine."

"Utoto uwu?"

"Ndimafuna wobiriwira."

"Nanga abakhawa achokera kuti? Isikeli anawetapo bakha?"

"Si bakha. Ndi tsamba la uto. Ndinakathyola pa mtengo wa pakhomo pako, pamene ankatsukira takisi paja."

Torika anayang'ananso mkono wake, nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene palibe anali atakumva kwa masiku zana, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadziwika pamene kwasinthira. Anagwira dzanja la Urmila, anaona zala zotupa zija ndi utoto wamatope m'zikhadabo.

"Mamita angati?"

"Mazana atatu ndi makumi anayi."

"Wekha?"

"Nanga ndi ndani? Mwini wake anali pa tchuthi."

"Wandichititsa manyazi, Urmila. Pamaso pa abale anga onse."

Ananena zokhazo. Azimayi anabwera kudzamutenga kuti akadye ndi a kwawo, ndipo mpaka mwambo kutha sanapezenso mpata wolankhulana. Urmila anabwerera kunyumba mtima uli pansi. Lamulungu lonse anakhala akudzitukwana kuti chitsiru cha mzimayi, unalowa ndi chofiira pamaliro, lero wamuperekeza mnzako ndi abakha.

Lolemba anatsika m'mawa kupita pansi pa nyumba. Ntchito panalibe, koma azimayi anayi aja anabwerabe, anakhala pamakina awo akupukuta fumbi losaoneka. Akanisi anafunsa ngati Didi sapita kudoko kukatsanzika. Urmila anati sapita, anati iye zotsanzikana pagulu sazitha. Zoona zake ankaopa kuti akalira mpaka kugwa. Anatenga sizasi n'kuyamba kuinola, ngakhale inali yakuthwa kale. Naini itakwana, onse anamva kulira kwa boti kuchokera kudoko. Palibe anayang'ana mnzake.

Patapita kanthawi geti inalira. Kenako kunamveka mawu kumpopi wa kuseri.

"Ndani wasiya masiponji anga osatsuka?"

Anali Torika, atavala diresi lakale la ntchito, lamadonthomadontho a mitundu yonse, m'manja muli siponji youma gwaa ngati mwala. Analowa osapereka ndi moni womwe. Anayendera tebulo, anagwira pamene utoto unaumirapo, anasuzumira m'ndowa ya matope ija n'kupukusa mutu.

"Boti yapita," anatero Urmila. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Ndawaperekeza. Ndawauza achimwene kuti ndidzabwera pa Khirisimasi kudzacheza. Anadandaula, koma ndawafunsa kuti ndikapita ine, mayi uyu asiya? Sasiya. Adinda dziko lonse mapazi a bakha, dzina langa lili pakolala." Anaika siponji m'madzi. "Ndipo ndagona masiku awiri ndikuganiza za zala zakozo. Ndinafunsa kuti kuno ndatsala ndi chiyani. Linali funso lopusa, ukanandiyankha."

"Ndinkafuna kuyankha. A Vasemaca anali atandiyang'ana."

"Iwe kuopa munthu? Ndiye dziko latha." Anatsegula zitini za utoto chimodzichimodzi, akununkhiza. "Akanisi, pitani mukathyole tsamba lina pamtengo paja, losadyeka ndi mbozi. Isikeli sangakumbukiridwe ndi bakha. Iwe Urmila, choka patebulo langa."

Urmila anachoka, mosangalala ngati mwana wotulutsidwa m'kalasi. Anaima pa nsanamira akuyang'ana mnzake akuthira wachikasu ndi wabuluu m'mbale, akutakasa ndi kamtengo, mpaka munatuluka wobiriwira weniweni, wa tsamba lonyowa ndi mvula. Torika anaviika chala m'menemo, anachiyang'ana kanthawi, n'kuchipukutira pa diresi lake. Misozi inamutsika Urmila ndipo sanaibise. Anali wokondwa kuposa tsiku la ukwati wake, ndipo ananena choncho mokweza, azimayi onse n'kuseka.

Lero pansi pa nyumba ija pali makina khumi ndi anayi, awiri aja a kumahotela anabwerera, ndipo tebulo lodindira anachita kuwonjezera chitseko chachitatu. Pali anthu a banja la Isikeli amene amabwera mwakachetechete kudzafunsa ngati nsalu ya abakha ija ingapezekenso, ati anaizolowera. Torika amawayankha kuti chikombole chake anatentha yekha, ndi machesi awiri kuti atsimikize.

Koma za Lolemba lija ndisamalize osanena izi. Pofika masana mamita khumi oyamba anali pachingwe, masamba a uto obiriwira pa nsalu yoyera, zala zake zonse zilipo, akuuluzika ndi mphepo yochokera kunyanja. Odutsa pamsewu anayamba kuima n'kumayang'ana. Urmila anapita pageti, manja m'chiuno, ndipo aliyense woima, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe, woyendetsa basi, wogulitsa chinangwa, wapolisi wa panjinga, ankamuuza mawu amodzimodzi.

"Mukuyang'ana chiyani? Wabwera. Sanakwere boti. Kauzeni anzanu kuti tatsegula."